Aconitase ikazimirira mufiriji pamene catalase ili chilili: kayezedwe ka ma enzyme odalira ayironi

Funso

Ndine wophunzira wa digiri yachiwiri ndipo ndikufufuza mmene kuperewera kwa ayironi m'chakudya kumakhudzira chiwindi cha makoswe. Ndili ndi magulu awiri, lina lodya ayironi wokwanira, lina lodya woperewera. Ndimapera chiwindi mu buffer ya phosphate (madzi osunga pH kuti isasinthe), n'kusunga phalalo mufiriji ya -20 °C, kenako ndimayeza ma enzyme awiri odalira ayironi, catalase ndi aconitase, pa spectrophotometer (makina oyeza kuwala kumene sampulo imamwa), zonse pa 240 nm. Catalase imapereka nambala zofanana sabata ndi sabata, koma aconitase imaoneka tsiku loyamba lokha, ndipo pakatha masiku atatu imakhala itatheratu m'magulu onse awiri. Kodi vuto ndi makina, kapena pali njira ina yabwino yoyezera ma enzyme amenewa?

Yankho

Zikomo chifukwa cha funso lanu, makamaka chifukwa chofotokoza mmene mumasungira masampulo, pakuti nkhani yagona pomwepo. Makina anu ndikuona kuti alibe mlandu. Spectrophotometer imene ikuwerenga bwino catalase pa 240 nm sabata ndi sabata siingayambe kunama pa aconitase yokha, kuwala kwake kuli komweko, cuvette yake (kabotolo kothiramo sampulo) ili yomweyo. Chimene chikusintha ndi enzyme yeniyeniyo. Aconitase ikutaya ayironi wake panjira, kuchokera pamene chiwindi chatuluka m'mimba mwa khoswe mpaka pamene mukutsanulira sampulo mu cuvette, ndipo ngati simutseka mpata umenewu, zimene mudzalembe m'buku lanu zidzakhala mbiri ya firiji osati ya chakudya cha makoswe.

Tiyambe tagwirizana za chimene timayeza kwenikweni. Tikati tikuyeza ntchito ya enzyme, puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'selo, sitiwerenga kuchuluka kwa puloteni imene ili m'chubu. Timayeza liwiro limene substrate, chinthu chimene enzyme imasintha, ikutha nalo, kapena limene chinthu chatsopano chikupangika nalo, pa kutentha kodziwika, pH yodziwika ndiponso mlingo wodziwika wa substrate. Yuniti imodzi ndi enzyme yokwana kusintha micromole imodzi pa mphindi, ndipo katal, imene inalowa m'miyezo ya SI mu 1999, ndi mole imodzi pa sekondi, moti yuniti imodzi ndi nanokatal 16.67. Motero puloteni ikhoza kukhalapo yonse, Western blot, njira yoonera kuchuluka kwa puloteni, n'kuonetsa mzere wakuda bii, koma ntchito n'kukhala ziro chifukwa atomu imodzi yokha ya ayironi yachoka pamalo pake. Ndi chifukwa chake funso loyamba limene ndimafunsa aliyense wofuna kuyeza enzyme yodalira ayironi limakhala lakuti: ayironiyo wagwidwa motani mkati mwa puloteniyo? Yankho lake ndi limene limasankha buffer, kasungidwe ndi njira yoyezera.

Mu catalase, ma peroxidase ndi cytochrome P450, ayironi amakhala mkati mwa heme, mphete ya porphyrin imene imamugwira ndi maatomu anayi a nayitirojeni. Wogwidwa chonchi sachoka wamba, ndipo ngakhale EDTA, imene imagwira zitsulo mwamphamvu, simuzula. Mu aconitase ndi succinate dehydrogenase amakhala m'timagulu ta ayironi ndi sulufule, tina tokwiririka mkati mwa puloteni, tina toonekera kunja. Mu ma dioxygenase odalira 2-oxoglutarate, monga ma prolyl hydroxylase a collagen ndi a HIF (puloteni yothandiza selo okosijeni akachepa), muli atomu imodzi ya Fe2+ yogwidwa ndi histidine ziwiri ndi aspartate kapena glutamate imodzi basi, moti kawirikawiri amagwa poyeretsa enzyme ndipo woyeza amachita kumuthira yekha mu chubu. Inuyo mwatenga enzyme yolimba ya gulu loyamba ndi yosalimba ya gulu lachiwiri n'kuzisamalira mofanana.

Za catalase ndinena mwachidule, popeza ikukuyenderani. Njira imene mukutsata ndi ya Beers ndi Sizer ya 1952, imene Hugo Aebi anailongosolanso mu 1984: hydrogen peroxide imamwa kuwala kwa 240 nm, ndipo catalase ikamaiphwanya kukhala madzi ndi okosijeni, absorbance, muyezo wa kuwala komwedwa, imatsika. Powerengera ambiri amagwiritsa ntchito 43.6 pa mola pa sentimita, kutanthauza kuti peroxide ya 10 mM iyenera kuwerenga 0.436 mu cuvette ya quartz ya sentimita imodzi. Yang'anani nambala imeneyi m'mawa uliwonse musanathire sampulo, chifukwa botolo la peroxide limafooka pang'ono ndi pang'ono likamatsegulidwa. Izi n'zofunika chifukwa catalase sikhuta substrate pa milingo imene timagwiritsa ntchito: peroxide ikachepa, liwiro limachepa nayo, moti masiku awiri oyambira pa absorbance yosiyana sangayerekezedwe ndi mayuniti wamba. N'chifukwa chake Aebi anakonda kulemba k, nambala ya liwiro yosadalira mlingo woyambira, imene mumaipeza pochulukitsa 2.3 ndi log ya absorbance yoyamba yogawidwa ndi yachiwiri, n'kugawa ndi masekondi amene apita. Werengani masekondi 30 kapena 60 oyambirira okha. Chiwindi chili ndi catalase yochuluka kwambiri, choncho phalalo lisungunulidwe ndi buffer kangapo mahandiredi. Mukathira lokhuthala, muona timathovu ta okosijeni tikumera pakhoma la cuvette ngati mikanda, kamodzi n'kunyamuka kudutsa m'njira ya kuwala, mzere wa pakompyuta n'kudumpha mmwamba pamene umayenera kutsika. Kumbukiraninso kuti maselo ofiira a magazi ali ndi catalase yawo. Khoswe woperewera ayironi amakhala ndi hemoglobin yochepa, moti ngati simutsuka chiwindi ndi saline wozizira kudzera mumtsempha musanachichotse, kusiyana kwa magazi otsalira kukhoza kuoneka ngati kusiyana kwa chiwindi.

Tsopano aconitase, imene ndi mwini nkhani. Ntchito yake mu Krebs cycle, njira imene selo limapezera mphamvu m'chakudya, ndi kusandutsa citrate kukhala isocitrate podzera pa cis-aconitate, ndipo pamtima pake pali kagulu ka 4Fe-4S, maatomu anayi a ayironi ndi anayi a sulufule oyalidwa ngati kabokosi. Maatomu atatu a ayironi amangiriridwa ku puloteni ndi ma cysteine, koma yachinayi ilibe cysteine. Imaima poyera itagwira madzi kapena hydroxide, kudikira substrate, chifukwa ndi yomweyo imene imagwira citrate. Kuima poyera kumeneku ndiko kumaipatsa ntchito, ndikonso kumaiphetsa. Superoxide, mtundu wa okosijeni wowononga, imaigwetsa m'kanthawi kochepa zedi, hydrogen peroxide ndi peroxynitrite nazonso zimatero, ndipo mpweya wamba wa m'chipinda umachita zomwezo mwapang'onopang'ono. Chotsala ndi kagulu ka 3Fe-4S, kamene sikagwira ntchito koma kamaoneka pa makina a EPR, oona ma electron osakhala awiriawiri, pafupi ndi g ya 2.01. Helmut Beinert ndi Mary Claire Kennedy ku Wisconsin ndi amene anaunika bwino kusinthana kwa mitundu iwiriyi m'zaka za m'ma 1980, koma Dickman ndi Cloutier anali ataona kale kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 kuti aconitase yofooka imadzuka ikapatsidwa Fe2+ pamodzi ndi cysteine. Kenako Paul Gardner ndi Irwin Fridovich ku Duke University anatembenuza kufooka kumeneku kukhala chida, n'kumagwiritsa ntchito aconitase poyezera superoxide mkati mwa maselo a E. coli kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990.

Taonani tsono zimene aconitase yanu ikudutsamo. Mukamapera chiwindi mumaphwanya mitochondria ndi peroxisome, mumatakasira mpweya m'phalamo, ndipo enzyme imene inali yotetezeka ndi glutathione komanso substrate yake imapezeka pambalambanda. Buffer yanu ndi ya phosphate, imene ndi yabwino kwa catalase koma imafulumizitsa Fe2+ kusanduka Fe3+ n'kumumanga kukhala mchere wosasungunuka, moti atomu imene yagwa ilibenso mwayi wobwerera. Firiji ya -20 °C nayo siyimitsa zonse. Madzi akamaundana, mchere ndi mapuloteni zimaunjikana m'timadontho totsala, ndipo sodium phosphate imadziwika kuti pH yake imatsika kwambiri pamene ikuundana. Magetsi akathima usiku, kapena firijiyo ikakhala ya mtundu wodzisungunulira ayezi yokha, sampulo imasungunuka ndi kuundananso inu osadziwa. Kutha kwa aconitase m'masiku atatu n'kumene ndikanayembekezera.

Langizo langa loyamba n'lakuti aconitase muziiyeza tsiku lomwelo, pasanathe ola limodzi kapena awiri chiperereni, zonse zili pa ayezi. Siyani phosphate, muperere mu Tris kapena HEPES ya pH 7.4 yokhala ndi citrate wa 2 mM, pakuti substrate ikakhala pa atomu yachinayi ija imaitchinjiriza. Ngati muli ndi silinda ya nayitirojeni kapena argon, pititsani mpweyawo mu buffer kwa mphindi 15 kapena 20 musanayambe, ndipo muzidzaza machubu mpaka kukamwa kuti pamwamba pasatsale mpweya wambiri. Pamene kuyeza tsiku lomwelo sikutheka, musasunge phala. Dulani chiwindi m'tizidutswa, mutiponye mu nayitirojeni wamadzi, mutisunge pa -80 °C, ndipo kachidutswa kalikonse kaperedwe kamodzi kokha pa tsiku loyeza. Werenganinso pepala la mankhwala oletsa ma protease amene mumathira. Ine ndinatayapo pafupifupi miyezi iwiri mu labotale ina ndikufunafuna chimene chinkapha hydroxylase yanga, ndinasintha madzi, ndinayeretsanso puloteni kawiri, kufikira tsiku lina nditatembenuza kabokosi ka mapilitsi oletsa ma protease n'kuona kuti muli EDTA. Mapilitsiwa amagulitsidwa a mitundu iwiri, okhala ndi EDTA ndi opanda, ndipo mabokosi ake amafanana kwambiri. N'chimodzimodzinso magazi otengedwa m'chubu cha chivindikiro cha pepo: ndi abwino powerenga hemoglobin, koma osati poyeza enzyme imene ayironi wake ndi wosamangika.

Langizo lachiwiri ndi la njira yoyezera. Kuwerenga cis-aconitate mwachindunji pa 240 nm, ndi 3.6 pa milimola pa sentimita, kumayenda bwino pa enzyme yoyeretsedwa, makamaka mukayambira ku isocitrate. Pa phala la chiwindi sindiikonda. Mapuloteni ndi ma nucleic acid amamwa kwambiri kuwala kumeneku, tizidutswa ta mitochondria timakumwaza, ndipo zinthu zitatu zija zikafika poimirana, citrate imakhala pafupifupi 90 peresenti pamene cis-aconitate ndi peresenti zitatu kapena zinayi zokha, moti mukayambira ku citrate mzere umapindika msanga. Njira yabwino ndi yolumikiza ma enzyme awiri. Mumathira isocitrate dehydrogenase yogula pamodzi ndi NADP+, kuti isocitrate iliyonse imene aconitase yapanga isandutsidwe nthawi yomweyo, NADPH n'kumaunjikana, inu n'kumawerenga pa 340 nm, pamene phala silisokoneza kwambiri. Ambiri amasakaniza zoyandikira izi: Tris ya 50 mM pa pH 7.4, sodium citrate wa 30 mM, manganese chloride wa 0.6 mM, NADP+ ya 0.2 mM, ndi mayuniti awiri a dehydrogenase pa mililita, pa 25 °C. Poyamba mzere umachita ngati ukuzengereza, chifukwa cis-aconitate ndi isocitrate ziyenera kuyamba zaunjikana pang'ono, kenako umawongoka. Muwerenge pamene wawongokapo.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tiyerekeze kuti mu cuvette ya mililita imodzi mwathira puloteni ya 0.05 mg, ndipo absorbance ikukwera ndi 0.031 pa mphindi mutachotsa ya blank, cuvette yopanda sampulo. Mukagawa 0.031 ndi 6.22, imene ndi nambala ya NADPH pa milimola pa sentimita, mupeza 0.005 mM pa mphindi, kutanthauza nanomole 5 pa mphindi mu mililitayo. Kugawa ndi 0.05 mg kukupatsani nanomole 100 pa mphindi pa miligalamu, kapena kuti mayuniti 0.1 pa miligalamu. Ngati mukuwerengera pa mbale ya timaenje 96, musaiwale kuti kuwala kukudutsa m'madzi osakwana sentimita, ndipo utaliwo umadalira kuchuluka kwa madzi m'kadzenje, choncho jambulani mzere wanu woyerekezera ndi NADPH yodziwika mlingo.

Nambala yotereyi ndimaikhulupirira pokhapokha itadutsa mayeso angapo. Mukawirikiza sampulo kawiri, liwiro liwirikize kawiri. Mukawirikiza dehydrogenase yogula ija, liwiro lisasinthe, ndipo likasintha ndiye kuti mumayeza enzyme yothandizayo osati aconitase. Cuvette yopanda sampulo ikhale phee, chifukwa dehydrogenase yochokera ku mtima wa nkhumba nthawi zina imabwera ndi aconitase pang'ono. Yopanda citrate nayo ikhale phee. Thiraninso NADPH pang'ono mu phala lopanda citrate muone ngati ikutha, pakuti chiwindi chili ndi ma enzyme odya NADPH amene angakubereni gawo la liwiro. Pomaliza, fluorocitrate kapena oxalomalate, zimene zimatseka aconitase, ziyenera kuimitsa mzerewo, ndipo chimene chatsala zitathiridwa si aconitase. Fluorocitrate ndi poizoni woopsa amene ayenera kugwiridwa ndi magolovesi: ndi chinthu chomwecho chimene chimapangika m'thupi la ng'ombe yodya gifblaar, chomera cha Dichapetalum cymosum chopezeka ku South Africa, Botswana, Namibia ndi Zimbabwe, pamene thupi lenilenilo lisandutsa fluoroacetate ya m'masamba kukhala chotseka aconitase.

Pali sitepe imodzi imene ndikufuna muikepo mtima koposa zonse, chifukwa ndi imene ingapatse kafukufuku wanu tanthauzo. Sampulo iliyonse muigawe pawiri. Gawo loyamba muyeze mmene lilili. Lachiwiri mulisiye kwa mphindi 20 kapena 30 pa ayezi, pansi pa nayitirojeni, ndi DTT (mankhwala othandiza kuti ayironi akhalebe Fe2+) ya 1 kapena 2 mM pamodzi ndi ferrous ammonium sulfate wa pafupifupi 0.1 mM, kenako muyeze. Nambala yoyamba ikukuuzani aconitase imene inali yamoyo, yachiwiri ikukuuzani imene ingadzutsidwe. Ngati magulu awiriwo akusiyana musanadzutse koma akufanana mutadzutsa, puloteni ilipo yofanana, kungoti m'gulu limodzi atomu yachinayi inali itagwa, ndipo pamenepo muyenera kudzifunsa ngati inagwera m'thupi kapena pa benchi. Ngati gulu loperewera ayironi likukhalabe pansi ngakhale mutadzutsa, ndiye kuti mwina puloteniyo inapangidwa yochepa, kapena ilipo koma yopanda kagulu konse, ndipo yotereyi Fe2+ ndi DTT zokha siziidzutsa mokwanira chifukwa ikusowanso sulufule. Kuwonjezera sodium sulfide pang'ono ndi kuchita Western blot kumalekanitsa ziwirizi. Ndaonapo malipoti amene wolemba anathira ayironi m'masampulo onse kuti nambala zikhazikike, n'kulemba nambala yachiwiri yokha. Pa kafukufuku wa kuperewera kwa ayironi kumeneko n'kufufuta ndi dzanja lako chinthu chimene unabwera kudzachiona. Nambala zonse ziwiri zilembedwe.

Mchere wa ayironiwo umafuna chisamaliro chake. Ferrous ammonium sulfate, umene ambiri amautcha mchere wa Mohr, ndi timiyala tobiriwira pang'ono. Mukausungunula m'madzi wamba m'mawa, madziwo amaoneka oyera, koma pofika masana amayamba chikasu, ndipo mawa lake pansi pa chubu pamadikha dzimbiri. Chikasucho ndi Fe3+, amene sadzutsa aconitase. Usungunuleni tsiku lomwelo mu hydrochloric acid wofooka wa 10 kapena 20 mM, muusungunulenso ndi madzi ochotsedwa mpweya mphindi zochepa musanathire, ndipo musauthire mu phosphate. Musachulutsenso poganiza kuti wambiri ndiye wabwino. Fe2+ akakumana ndi peroxide amapanga hydroxyl radical mwa njira imene Fenton anaifotokoza mu 1894, ndipo DTT kapena ascorbate pamaso pa mpweya zimangozungulitsa gudumu limeneli, puloteni n'kumawonongeka.

Chinanso n'chakuti chiwindi chili ndi ma aconitase awiri, ndipo phala losalekanitsa limawaphatikiza. Ina ili mu mitochondria, ina mu cytosol, madzi a m'selo, ndipo ya mu cytosol ndi puloteni yomweyo imene imatchedwa IRP1. Ayironi akachepa m'selo, imataya kagulu kake konse, imasiya kukhala aconitase, n'kukagwira timalo totchedwa IRE pa mRNA, kuletsa kupangidwa kwa ferritin, puloteni yosunga ayironi, ndi kutchinjiriza mRNA ya transferrin receptor kuti selo likoke ayironi wambiri. Nayonso mRNA ya aconitase ya mu mitochondria ili ndi IRE kumayambiriro kwake, moti ayironi akaperewera puloteni yake imapangidwa yochepa. Njira ziwiri zosiyana zikutsitsa nambala imodzi. Kuzilekanitsa sikufuna zida zodula: zungulitsani phala pa centrifuge yozizira pa 600 mpaka 1,000 g kwa mphindi 10 kuti ma nucleus adikhe, kenako madzi apamwambawo pa 10,000 g kwa mphindi 10 kapena 15. Zodikha ndi mitochondria, zimene muyenera kuziboola ndi Triton X-100 pang'ono musanayeze, ndipo m'madzi otsalawo muli ya mu cytosol. Perani mofatsa mu buffer yokhala ndi sucrose wa 0.25 M, chifukwa mitochondria zikaphulika enzyme yake imatayikira mu cytosol, ndipo chiwindi chimene chinaundanapo sichilekanitsika bwino mwa njira imeneyi.

Aconitase isaime yokha. Pambali pake ikani succinate dehydrogenase, imene ili ndi timagulu titatu ta ayironi ndi sulufule koma tokwiririka, moti imapirira kuundana. Imayezedwa ndi DCPIP, utoto wabuluu umene umayera ukalandira ma electron, pa 600 nm. Yambani mwasiya sampulo ndi succinate kwa mphindi 10 kuti oxaloacetate yomatirira pa enzyme ichoke, tsekani njira ya ma electron kutsogolo ndi cyanide, imene igwiridwe mu fume hood ndipo isayandikire asidi, ndiye mutsimikize ndi malonate, imene imatseka enzyme imeneyi. Musagwiritse ntchito sampulo ya DTT ija pano, chifukwa DTT ndi ascorbate zimayeretsa DCPIP popanda enzyme iliyonse. Kenako yezani citrate synthase ndi DTNB, mankhwala osanduka achikasu enzyme ikamagwira ntchito, pa 412 nm. Imeneyi ndi ya mu mitochondria koma ilibe ayironi, ndipo ubwino wake ndi womwewo: ngati aconitase ndi succinate dehydrogenase zatsika pamene citrate synthase yakhala pomwepo, mwagwira chinthu chokhudza ayironi, koma zikatsika zonse pamodzi, n'kutheka kuti mwangopeza mitochondria zochepa mu chubu. Kugawa ndi puloteni yonse yoyezedwa mwa njira ya Bradford ya 1976 kapena ya Lowry ya 1951 sikungakuonetseni kusiyana kumeneku.

Mwina m'tsogolo mudzafuna kuyeza ma dioxygenase a gulu lachitatu lija, popeza ma prolyl hydroxylase a HIF, amene ali pakati pa ntchito imene inapatsa William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza mphoto ya Nobel mu 2019, nawonso amafooka ayironi akachepa. Ma enzyme amenewa amatenga okosijeni ndi 2-oxoglutarate, n'kutulutsa succinate, carbon dioxide ndi substrate yowonjezeredwa atomu imodzi ya okosijeni. Njira yakale ndi yotchera carbon dioxide wa carbon-14 wochokera ku 2-oxoglutarate, yamakono ndi mass spectrometry yoona kulemera kwa peptide kutakwera ndi 16, ndipo yapakati ndi electrode ya okosijeni imene Leland Clark anapanga m'zaka za m'ma 1950. Njira zoyang'ana 2-oxoglutarate, succinate kapena okosijeni zili ndi msampha umodzi: enzyme imatha kuwotcha 2-oxoglutarate popanda kukhudza substrate, ndiponso Fe2+ ndi ascorbate zimadya okosijeni zokha popanda enzyme, choncho chubu chopanda substrate ndi chopanda enzyme n'zosasiyika. Pa electrode pali mfundo ina imene imatikhudza ife a kumtunda. Mabuku amati madzi okhuta mpweya pa 25 °C amakhala ndi okosijeni wa pafupifupi 0.26 mM, koma nambala imeneyi ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, pamene mlingowo umatsika ndi peresenti zoposa 10, ndipo ku Johannesburg umatsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Wokopera nambala ya m'buku amakweza zotsatira zake zonse osadziwa. Kwa ma hydroxylase a HIF, amene Km yawo ya okosijeni, mlingo umene enzyme imafika nawo pa theka la liwiro lake lalikulu, ili pafupi ndi mlingo wa madzi okhuta mpweya, kutsika kumeneku kumachedwetsanso enzyme yeniyeniyo.

Kutentha nakonso kulembedwe. Ma enzyme ambiri amawirikiza liwiro pafupifupi kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10, ndipo mawu akuti kutentha kwa m'chipinda satanthauza chinthu chimodzi mu June ndi mu October. Ngati makina anu alibe chosungira kutentha, ikani buffer m'madzi a 25 °C kapena 30 °C mpaka nthawi yothira, muike thermometer pambali, ndipo tsiku lililonse muziyeza khoswe wa gulu lina motsatizana ndi wa gulu linalo. Mukayeza gulu limodzi Lolemba, linalo Lachisanu, simungalekanitse chakudya ndi tsiku.

Masampulo amene ali kale mufiriji musawataye. Aconitase yoyamba ija, ya mmene zinalili m'thupi, inapita ndipo sidzabwerera, koma mukhoza kuyesa kuidzutsa ndi Fe2+ ndi DTT mutasintha buffer podutsitsa madzi apamwamba pa kolamu ka Sephadex G-25, ndipo ikadzuka mudzakhala mwatsimikiza ndi maso anu kuti vuto linali atomu yachinayi. Ndi abwinobe pa Western blot ya aconitase ndi ferritin. Ndi abwinonso poyeza ayironi wosakhala mu heme: muwiritse phala ndi hydrochloric acid pamodzi ndi trichloroacetic acid, muzungulitse, muthire ascorbate kapena thioglycolic acid kuti Fe3+ abwerere ku Fe2+, kenako ferrozine ya Stookey ya 1970, imene imasandutsa madzi kukhala a pepo wowala amene mumawerenga pa 562 nm ndi 27.9 pa milimola pa sentimita. Magalasi onse anyikidwe mu asidi usiku wonse n'kutsukidwa ndi madzi oyeretsedwa, ndipo sipatula yachitsulo isakhudze mankhwala, chifukwa ayironi wa m'fumbi ndi m'madzi a pampopi amakwana kudetsa blank. Nambala imeneyi, pamodzi ndi hemoglobin ya makoswewo, ndi imene idzakuuzeni ngati chakudya chija chinatsitsadi ayironi wa m'chiwindi, ndipo ndi bwino kuidziwa musanaphe makoswe ena pofuna aconitase yatsopano.